Mzere wa 80

Lachitatu m'mawa ndinali pakhonde la nyumba yathu, ndikuswa mtedza wa mbewu. Ndinkaswa umodziumodzi ndi chala chachikulu, osati kumenya thumba ndi ndodo monga amachitira ena, chifukwa mtedza wogamphuka pakati sumera. Wabwino ndinkaponya m'beseni, wonyala m'kambale, makoko pansi. Nkhuku ziwiri zinkazungulira pafupi kudikira kuti dzanja langa liphonye. Sindinkafulumira. Pamene ndinakhalapo ndinkaona bwino pansi pa mtengo wa mango wa apongozi anga, pomwe panaima galimoto yanga, boneti ili chitsekulire.

Ine ndimati galimoto yanga, koma pamudzipo imadziwika kuti ndi galimoto ya akamwini. Dzina langa ndine Lonjezo. Kwathu ndi ku Mlonyeni. Ndinabwera kuno, kufupi ndi Guilleme, chaka chatha nditakwatira Stelia, ndipo tinamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Ndinabwera ndi chikwama cha zovala, satifiketi ya Fomu 4, ndi galimotoyo. Inali ya bambo anga. Ankanyamulira amayi a geni kuchokera pa boma kupita kumalire a Zambia mpaka chaka chimene anamwalira. Ndi galimoto yakale ya ku Japan, yoyendera petulo, yokhala ndi tebo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini kuti izikoka mwamphamvu. Mpando wa dalaivala unalowa mkati mbali ya kumanja, kumene bambo ankatsamira, ndipo sindinaukonzetse.

Galimotoyo ikamayenda, ndimachoka m'mawa n'kubwera madzulo ngati munthu wa ntchito yake. Ikaima, ndimatenga khasu n'kupita kumunda kwa apongozi. Khasu sindidana nalo. Koma galimoto ndi chinthu chokhacho pamudzi pano chimene chinachokera kwathu.

Inaima mu Febuluwale. Ndinawoloka nayo dambo litadzaza, madzi analowa mpaka pansi pa mipando, ndipo kompyuta yake, imene imauza injini kuchuluka kwa petulo woti imwe, inafa. Apongozi anga aamuna, a Zakeyu, anangoti, "Uwauze akamwini asavutike, ndiiona ine." Ananena kwa Stelia, ine ndili chapomwepo.

A Zakeyu anagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi atatu pa esiteti ya fodya. Mathirakitala, mapampu a madzi, malole. Amadziwa vuto la injini ali kuseri kwa nyumba, pongomva kulira kwake. Kompyuta yeniyeni ya galimotoyo sinapezeke, choncho anaitanitsa ina kwa munthu wa ku Chipata, dzina lake Mateyu, ndipo inafika mu Okutobala. Iyi inali yoti umaiphunzitsa wekha. Umailumikiza ku laputopu, pagalasi n'kutuluka ndandanda wa timabokosi, ngati kaundula wa kusukulu. Mateyu ankati amenewo ndi mapu a mafuta. Pamwamba panalembedwa liwiro la injini. M'mbali, kutsika pansi, munali pulesha ya mpweya wolowa mu injini: 20, 40, 60, 80, 100, mpaka 200. Kabokosi kalikonse kanali ndi nambala youza kompyuta petulo woti ithire injini ikafika pamenepo.

Laputopu inali ya a Zakeyu, anawapatsa popuma ntchito. Batire lake linafa kalekale. Inkayaka pokhapokha ili pa chingwe chochokera m'nyumba, ndipo chingwecho chinkathera pansi pa mango. Ku msewu sinkapita.

Ndiye ankachita chonchi. Ankakwera galimoto ndi mlamu wanga Titus, achimwene ake a Stelia, amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Ankapita pa tala mpaka pa chitunda chachitali cha njira ya kumalire. A Zakeyu ankaponda moto, Titus n'kumayang'ana geji ya tebo, yoonetsa pulesha ya mpweya, imene bambo anga anamangirira pafupi ndi chiwongolero. Pakati pa chitunda muvi wa gejiyo unkafika pa 80, ndipo injini inkayamba kulira ngati misomali yogwedezedwa m'chitini. Kulira kumeneko a Zakeyu ankakudziwa. Ndi kwa injini imene ikulandira mpweya wambiri koma petulo wochepa. Imatentha mkati, ndipo ukaikakamiza pisitoni imabooka. Ankachotsa phazi, kubwerera kunyumba, kulumikiza laputopu, kuyendetsa chala pagalasi mpaka pa mzere wa 80, n'kuwonjezera petulo m'timabokosi tonse ta mzerewo.

Anachita zimenezi katatu. Nthawi iliyonse galimoto inkanyamuka pabwalo ikutsokomola, utsi wakuda uli tolotolo, fungo la petulo mpaka ku khola la mbuzi. Pa chitunda misomali ija inkaliranso.

"Alamu!" anakuwa Titus ali pansi pa mango. "Siyani kaye kulera nkhukuzo. Bambo akufuna munthu wopotokola kiyi."

Ndinavundikira beseni ndi lichero n'kupita.

"Galimoto yanuyi ikusuta kuposa balani ya fodya," anatero Titus. "Mukanatiuza kuti ndi chidakwa cha petulo, tikanaikana pa chinkhoswe pomwe."

Ndinaseka pang'ono, monga ayenera kuchitira mlamu. Ndinanjuta n'kupereka moni kwa a Zakeyu. Anayankha maso ali pagalasi. Anali atakhala pa mpando wa kumanzere, chitseko chotsekula, laputopu ili pamiyendo.

"Uwauze apotokole kamodzi kokha, asalize," anauza Titus.

"Mwamva alamu? Kamodzi kokha. Musalize."

Ndinali nditamva. Ndinazungulira n'kupisa dzanja pawindo, osalowa, popeza iwo anali mkati. Timagetsi ta padashibodi tinayaka. Muvi wa geji unagona pa ziro. Pakona ya galasi la laputopu panali nambala yaikulu, pansi pake zilembo zitatu, kPa, zomwezo zolembedwa pa geji. Nambalayo inali 88.

"Taona bodza ili," anatero a Zakeyu kwa Titus. "Injini sinalire, pulesha ya 88 yachokera kuti? Geji ikuti ziro. Tamuimbira Mateyu."

Titus anaimba n'kukweza mawu a foni kuti onse timve.

"Ba mudala, mwauka bwanji?" anatero Mateyu, kumbuyo kwake kukumveka mahutala. "Eite-eiti? Awe, iyo sensa yalema. Uja ananigulisa ku Dar anakamba ati ifunika kuonesa handiredi na wani. Nizakutumilani inangu."

"Handiredi na wani injini isanalire?" anafunsa a Zakeyu.

"Ndiye vamene anakamba, ba mudala."

A Zakeyu anakodola Titus kuti adule. "Uyu akuti 88, uyo akuti 101. Onse akunama. Ine ndimakhulupirira chinthu cha muvi."

Ndinabwerera ku mtedza wanga. Manambala awiriwo sanandichoke. 101 ndinali nditaimvapo. Tili Fomu 3, aphunzitsi a Fizikisi anabwera ndi chigubu chachitsulo cha mafuta ophikira. Anathiramo madzi pang'ono, kuwiritsa, kutseka, kenako n'kuchithira madzi ozizira pamwamba. Chigubu chinafwanyika chokha ngati chapondedwa ndi ng'ombe. Anatiuza kuti chachifinya ndi mpweya womwewu, kuti umatilemera tonse nthawi zonse koma sitiumva chifukwa tinabadwira momwemo. Kunyanja yamchere kulemera kwake ndi 101. Ukamakwera kumtunda kumachepa. Ndinalemba zimenezo pamayeso, ndinakhoza, n'kuiwala.

Dar ili panyanja yamchere. Ife kuno, ukaima pabwalo, umangoona minda yogona mpaka kumapiri, ndipo palibe angakuuze kuti timakhala pamwamba. Koma buku la mapu kusukulu linkati Mchinji ili mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanjayo. Ndinaganiza kuti mwina 88 si bodza. Mwina ndi 101 ya kuno.

Ndinapitiriza kuswa mtedza. Chibwerereni pamudzi pano, mawu amene ndinalankhulapo mwachindunji kwa a Zakeyu anali a moni okha. Apongozi aakazi ndikawaona akubwera m'njira ndimapatukira m'udzu. Sindidya nawo pamodzi, sindilowa m'nyumba mwawo. Nkhani ikakhalapo imadzera kwa Stelia kapena kwa Titus. Iwonso amandipatsa ulemu womwewo. Dzina langa sanalitchulepo, ndipo kiyi wa galimoto sagona naye. Madzulo aliwonse amamutumiza kwa ine, m'mawa n'kutuma Titus kudzamutenga. Anzanga a ku Mlonyeni amandimvera chisoni, koma ine mwambowu unandikomera. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo, ndipo ngakhale yankho ndikulidziwa, dzanja sindinkakweza. Kuno ndinapeza malo amene kukhala chete kumatchedwa khalidwe.

Lachinayi sanatume munthu kudzatenga kiyi. Masana apongozi onse awiri anapita ku mapemphero a mphakati, Titus ali ku siteji ndi njinga yake. Ndinatenga pampu ya njinga yakapalasa n'kuitana Stelia.

"Mukufuna kupopa injini?" anafunsa. "Matayala ali pansipo."

"Ukanditengere laputopu ya bambo. Sindisintha kanthu, ndingoona."

Anaima kaye, akupukuta manja pa chitenje. Kenako analowa kwa makolo ake n'kutuluka nayo, chingwe chikumutsata.

Kuchokera pa injini panali kapaipi kakang'ono kogawikana pawiri, nthambi ina kupita ku geji, ina ku sensa, kachipangizo kouza kompyuta pulesha ya mpweya. Ndinakazula ku injini, kukalumikiza ku pampu, n'kumanga ndi mphira wa chubu. Stelia anakhala pa mpando wa bambo anga kuti aziwerenga geji. Ine ndinaika laputopu pa njerwa n'kukankha pampu pang'onopang'ono.

"20," anatero.

Pagalasi panali 108. Ndinakankhanso.

"50."

Pagalasi panali 138.

"Yafika pa 80. Mukufuna kuiphulitsa?"

Pagalasi panali 168. Ndinasiya pampu, mpweya unatuluka, geji inabwerera pa ziro, galasi pa 88. Ndinabwereza katatu. Kusiyana kwake kunali 88 nthawi zonse.

Kenako ndinatsegula mapu a mafuta. Mzere wa 80 unali wonenepa, manambala ake ofiira chifukwa chosinthidwa. Ndinatsitsa maso mpaka pa 160 ndi 180. Manambala a kumeneko anali momwe anabwerera kuchokera ku Chipata. Palibe anawakhudza. Kumeneko ndiko kumene injini inkakhala ikamakwera chitunda. Apongozi ankathira petulo pamalo pamene injini imangodutsa ponyamuka, ndipo pamene inkafa ndi ludzu sipanagwe ngakhale dontho.

Ndinamufotokozera Stelia momwe ndinathera. Anamvetsera atatsamira chiwongolero.

"Ndiye sinthani. Bambo kulibe."

"Mzere ndaudziwa. Kuchuluka kwa petulo sindikudziwa. Amene amamva zimenezo ndi khutu ndi iwo."

"Ndiye muwauze."

Ndinabwezeretsa kapaipi m'malo mwake n'kumanga waya monga unalili.

"Inu," anatero Stelia, "mukuganiza kuti bambo anabadwira pano? Anachokera ku Phalombe ndi bokosi la masipanala basi. Agogo ankati zaka zitatu zoyamba ankayesa kuti mkamwini wawo ndi wosalankhula."

"Ndiye amvetsa ukakawauza iweyo."

Anandiyang'ana, n'kunyamula laputopu kukaibweza.

Dzuwa lisanalowe anabwereka sikelo ya mayi ake kuti ayeze mtedza umene ndinaswa. Anaika beseni lopanda kanthu pa sikelo, muvi unasuntha, iye n'kupotokola kagudumu ka kumbuyo mpaka muviwo unabwerera pa ziro. Kenako anayamba kuthira mtedza. Ndinali nditaona anthu akuchita zimenezi kambirimbiri pamsika. Tsiku limenelo ndinayang'ana mpaka anamaliza.

Lachisanu Stelia anapita ndi uthenga. Ndinamuona ali chogwada pansi pa mango, akulankhula, a Zakeyu akupukuta mapulagi ndi kansalu. Sanachedwe.

"Ndawauza kuti kompyuta ikuwerengera ndi mpweya wa panja."

"Ati bwanji?"

"Aseka. Akuti mpweya wa panja ulowera pati m'paipi yomanga ndi waya? Akuti Fomu 4 ndi yabwino, koma sinagwirepo sipanala. Sananene mwaukali."

Anakhala pansi n'kuyamba kundithandiza kuswa. Iye amaswa mofulumira, ndipo wambiri umagamphuka.

"Akutinso mawa aitengera kumalire," anapitiriza. "Achimwene apeza amayi anayi a geni ndi matumba awo a soya. Akuti injini yadzaza mwaye chifukwa choyenda yopanda katundu. Ikufunika ikoke zolemera pa chitunda, osachotsa phazi, kuti mwayewo upserere. Awonjezeranso petulo pa 80 paja."

Katatu konse anakwera chitundacho anthu awiri okha, m'mawa kusanatenthe, ndipo a Zakeyu ankaleka kuponda misomali ikangoyamba kulira. Mawa lake munkayenera kukhala anthu asanu ndi mmodzi, matumba, dzuwa la Okutobala, ndi munthu amene watsimikiza kuti phazi sachotsa.

Madzulo Titus anabweretsa kiyi. Ndinamupatsa mpando, ndipo asanakhazikike ndinayamba kumufotokozera za pampu ija. Anamvetsera mpaka pa 138, akutola mtedza m'kambale ka wonyala.

"Alamu, taimani. Mukuti ndikawauze bambo kuti alakwitsa? Injini?"

"Osati alakwitsa. Kungoti mzere wake..."

"Ine ndikufunabe kudya pakhomo pano. Paja mukudziwa zimene zinachitika ndi njinga yanga? Ndinangonena kuti mwina vuto ndi koyilo, anandisiya nayo sabata ziwiri kuti ndikonze ndekha, poti ndine makaniko." Anaponya mtedza m'kamwa n'kulavula. "Wowawa uyu. Inu musadandaule, madala aja thirakitala ankaidzutsa itafa chaka chathunthu. Kagalimoto kanuka n'chiyani? Ikavuta mudzakwera kumbuyo kwanga, muzidzandilipira ndi chinangwa."

Atachoka ndinapita pansi pa mango. Mapulagi akale anali pa njerwa, atatu pamodzi, imodzi payokha. Atatuwo anali bii ndi mwaye. Yapayokhayo m'mphepete inali yakudanso, koma nsonga yake inali yotuwa, yodyeka ngati choko, ndipo panali timadontho tonyezimira ngati mchenga wa chitsulo. Chinali chizindikiro chakuti pisitoni yayamba kale kudyeka ndi kutentha. Ndinaiika pomwe ndinaipeza. Injini ya mtundu umenewu Mateyu anali atanena kale kuti ku Chipata kulibe. Ikanapezekanso, sikanakhala imene bambo anga ankaipukuta Lamlungu lililonse akachoka ku tchalitchi, asanavule n'komwe tayi.

Ndinaganiza zozula fyuzi imodzi kuti mawa isalire. Ndinafika potsekula kabokosi ka mafyuzi. Koma a Zakeyu akanaipeza asanamalize n'komwe tiyi wawo, ndipo akanadziwa kuti mkamwini wawo amalankhula ndi manja kuseri, osati ndi pakamwa. Ndinatseka kabokosiko.

Loweruka pofika 9 koloko dzuwa linali litayamba kale kuluma. Amayi a geni anafika pa ngolo ndi matumba asanu ndi limodzi. Anayi analowa m'buti, awiri Titus anawamangirira padenga. Galimoto inakhala pansi kumbuyo, matayala kutsala pang'ono kubisika.

"Imeneyi itifikitsa?" anafunsa mmodzi wa amayiwo, wa duku lobiriwira. "Ulendo watha tinakankha minibasi mpaka patapata kuduka."

"Mayi, iyi ndi ndege," anatero Titus. "Mapiko okha ndiwo anatsala ku Japan."

"Ndege yonunkha petulo chonchi? Soya wanga akakamukana ku Chipata, ndidzakupezani pa siteji."

Ine ndinali pakhonde. Mtedza wosaswa unali utatsala wodzaza manja awiri. Titus anabwera akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Alamu, kiyi."

Kiyi anali m'thumba la malaya anga. Ndinaswa mtedza wina umodzi. Munali njere ziwiri, zonse zabwino.

"Alamu, mwagontha? Anthu akupsa ndi dzuwa uko."

"Ndikapereka ndekha."

Titus anasuzumira m'nyumba. "Stelia, wawadyetsa chiyani lero amuna akowa?"

Stelia anatuluka n'kuima pakhomo. Sikelo ya mayi ake anali asanabweze. Ndinaitenga, kubwezera muvi wake pa ziro, kukhuthulira mtedza wa m'beseni m'lichero, n'kunyamula zonse zitatu. Kuchoka pakhonde lathu kufika pa mango ndi mapazi makumi atatu. Apongozi aakazi anali pakhomo la khitchini, ndipo atandiona analowa mkati. Amayi a geni anatembenuka kundiyang'ana.

A Zakeyu anali ataima pa chitseko cha dalaivala, dzanja lotambasula kudikira kiyi. Ndinanjuta patsogolo pawo n'kuika sikelo pansi.

"Bambo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, choncho ndinabwereza. "Bambo, ndikupempha ndinene ndekha."

Anayang'ana Titus, ngati kuti Titusyo ndiye walankhula. Titus anayang'ana matumba a padenga. Kenako a Zakeyu anabweza dzanja lawo.

"Nenani."

Ndinaika beseni lopanda kanthu pa sikelo. Muvi unapita pa kilo imodzi.

"Mulibe mtedza, koma sikelo ikuti kilo imodzi. Sikunama, ikuyeza beseni. Beseni ili ndi mpweya umene tikupumawu. Ulipo injini isanalire. Kuno umalemera 88 chifukwa tili kumtunda. Ku Dar, panyanja, ndi 101. Sensa sinafe."

Ndinapotokola kagudumu mpaka muvi unabwerera pa ziro.

"Geji imachita chonchi. Imachotsa beseni. Kompyuta sichotsa."

Ndinathira mtedza wa m'lichero. Wina unagwera pansi, nkhuku zija n'kuthamangira. Muvi unaima pa makilo awiri.

"Geji ikuti awiri. Kompyuta ikanati atatu. Mtedza ndi womwewo."

"Alamu ayamba geni ya mtedza," anatero Titus. Mayi wa duku lobiriwira anaseka n'kutseka pakamwa.

"Iwe, khala chete," anatero a Zakeyu, osatembenuka.

"Geji ikanena 80 pa chitunda paja," ndinapitiriza, "kompyuta ili pa 168. Petulo yense mwathira pa mzere wa 80 akupita ponyamuka, ndiye utsi uja. Pa 160 ndi 180 sipanathiridwe kanthu. Misomali ikulirira kumeneko."

"168 mwaiona kuti?"

Anafunsa ine. Sanadzere kwa Titus.

"Ndinapopa kapaipi ndi pampu ya njinga Lachinayi, inu muli ku mphakati. Laputopu ndinagwira popanda kupempha, mundikhululukire. Sindinasinthe kanthu."

A Zakeyu anayang'ana beseni, kenako geji kudzera pawindo, kenako njerwa imene panali mapulagi. Padenga thumba lina linasuntha pang'ono, chingwe n'kulira. Miyendo inayamba kundiwawa chifukwa chonjuta, koma sindinaimirire. Ndikanatha kulekera pomwepo, kupereka kiyi n'kusiya kuti aganize okha. Dzanja linafika mpaka pathumba. Ndinalibweza.

"Bambo, petulo woti apite pamenepo ine sindikumudziwa, ndipo khutu lomva injini ndilibe. Zimenezo ndi zanu. Pulagi ija munaiika payokha, ndiye ndikudziwa kuti munaiona ine ndisanaione. Koma galimotoyi ndi ya bambo anga, ndipo china cha kwathu pano ndilibe. Ikakwera chitunda lero ndi katunduyu, ibwera yokoka pa chingwe. Ndiye amayiwa atsitse matumba awo, a Titus awapezere ina. Pampu ili pakhonde, ndikhoza kupopa inu mukuona. Kiyi ali m'thumba mwangamu, ndipo lero sindipereka mpaka titsike pa mzere wa 160."